Denga la Utale

Senderani kuno, adzukulu, nawenso wa kapusi amene wayamba kuseka ndisanatsegule pakamwa, khala apa. Wotsutsa akaone chulu chili kuseri kwa dimba langa, chikadalipo.

Chaka chimenecho ndinali mkamwini watsopano kuno kwa Kuntumanji. Nyumba ndinaimika, phaso ndinamanga, koma udzu wofolera moto wolusa unanyambita wonse. Apongozi aakazi anatuma mawu: "Mvula ikadzangomunyowetsa mwana wanga, ameneyo adzapinde mkeka wake azipita kwawo." Mukumva? Ukwati wanga unali padenga.

Ndiye kunabwera mayi wina wophunzira za bowa wochokera ku Zomba, nsapato zili matope okhaokha, kagalasi kali m'khosi, munthu woti akaona bowa ankagwada ngati ali m'tchalitchi. Ine ndinkamunyamulira dengu. Tsiku lina anakumba chulu cham'mbali nandionetsa tizisa toyera m'katimo.

"Bambo, uwu ndi munda," anatero. "Chiswe chimalima bowa. Udzu chimatuta uja ndiwo manyowa ake."

Ine mutu unagwira pomwepo: mlimi ukamudyetsa bwino, zokolola zimachuluka. Ndinatuta mankhusu a mpunga ku Likangala n'kukakhuthula pachulu cha kuseri kwa dimba chija, ndinathira gaga, mitu ya matemba, masese a mowa, chiswe chija chinanenepa mpaka china chinkageya ngati munthu, ndipo mvula yoyamba itangogunda chulu chinang'ambika, bowa wamkulu uja wa utale n'kutuluka, m'mawa ngati lichero, masana ngati nkhokwe, madzulo asodzi panyanja ankati mwezi watulukira kolakwika, anyamata a chipani mpaka anabwera kudzaugulitsa khadi poyesa ndi bwana wavala chipewa. Ndikulumbira pali malemu amayi.

Ndinaugwetsa ndi nkhwangwa, ndinausenza ndekha, mphepo ya ku Chilwa inalowa pansi pake n'kundinyamula, ndinauluka pamwamba pa minda ya mpunga akakowa akundipatukira, n'kukatera paphaso langa ndendende. Mukumva? Mvula inakhuthuka, koma m'nyumba ngakhale dontho.

Zinavuta n'zakuti mkazi wanga anasonkha moto m'nyumbamo, monga amachitira aliyense polowa nyumba yatsopano. Denga linayamba kupsa pang'onopang'ono, msuzi ukudontha, fungo linakafika ku Songani, anthu anasiya malonda pamsika n'kubwera ndi mchere m'manja. Woyamba kubenthula ndani? Apongozi omwewo, amene ankandipatukira panjira mwaulemu, anakwera pamtondo, chitenje atamanga m'chiuno. Pofika m'mawa denga lonse linali m'mimba mwa anthu, mvula ikutisambitsa tili pamkeka.

Nanga akanandithamangitsa bwanji denga likadali m'mano mwawo? Anakamweta okha udzu kutsidya kwa mtsinje.

Mayi wa bowa uja anabwera ndi chingwe choyezera, koma anapeza tsinde lokha, nalonso nditasema bwato, limene ndinapha nalo nsomba mpaka milamba inalidya ine ndili momwemo. Anaseka misozi ili mbwe, nati, "Bambo, chiswe chanucho mukachipatse moni."

Agogo anu akupeta mpungawo adzakuuzani kuti utalewo unali ngati lichero basi, ndi kuti denga anafolera ndi achimwene awo. Asiyeni, iwo ankauonera patali. Koma ukwatiwo unatha? Si awo ali apowo?

Mukapita kwanu mukawauzeko anzanu, adzukulu. Chonde, utale wangawo musakauchepetse panjira.