Nkhumba M'mbale ya ba Asiyatu

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti kuno kukomboni ya Mtendere yafala kale, ndipo ena ayamba kuithira mchere wawowawo, kuli bwino ndiinene ndekha, manyazi andigwire kamodzi n'kundisiya.

Dzina langa ndine Misozi. Manyazi anga ndi oti kondakitala wa minibasi akandipitiriza pa siteji yanga, sindinena kanthu, ndimakatsikira kutsogolo n'kubwerera wapansi. Koma ndili ndi kantchito kanga kamseri: ndimalawa ma noodles a m'mayiko osiyanasiyana, aja a m'mapaketi ongophika mphindi zochepa, n'kumajambula timavidiyo pa foni. Nkhope sindionetsa. Zimaoneka ndi zala zanga, foloko ndi mbale, basi. Mawu ndimatsitsa kuti a neba asamve, mpaka wina anafunsa pansi pa vidiyo ngati ndikujambulira pamaliro.

Mapaketi ambiri amandibweretsera achimwene anga, amene amayendetsa thiraki kupita ku Dar es Salaam. A ku Indonesia, aja ouma opanda msuzi, ndinawapatsa eight out of ten. A ku Nigeria safuna zambiri, dzira ndi anyezi zatha. A ku Thailand amanunkhira mandimu ndi kapenta nthawi imodzi, ndipo mpaka lero sindinagamule ngati ndimawakonda. A ku Korea a paketi yakuda, tsabola wake anandiliza mokweza moti ndinaiwala zotsitsa mawu.

Ndinene kale kuti ndili ndi dipuloma ya Food and Nutrition. Musaiwale zimenezi. Phunziro loyamba ku koleji linali lakuti chakudya usanaphike, werenga paketi.

Chipinda ndimachita lendi kwa ba Asiyatu ndi amuna awo ba Saidi, Asilamu amene makolo awo anachokera ku Mangochi. Ba Saidi ndi telala, makina awo amalira pakhonde kuyambira m'mawa. Amene anafunapo nyumba m'komboni andimvetsa: mpanda ulipo, geti limakhomedwa, pompi ya madzi ili m'yadi momwemo, chimbudzi chimatsukidwa tsiku ndi tsiku. Malo otere sapezeka kawiri. Kuonjezera apo, ba Asiyatu ananditenga ngati mwana wawo. Nditadwala malungo, anandiperekeza ku kiliniki ndi iwowo, n'kukhala nane pamzera mpaka masana. Chipinda chinacho amakhala ba Mwape, mlonda wochokera ku Kitwe, munthu amene sindinamuonepo akukana chakudya.

Mwezi wa Ramazani utafika, dzuwa likangolowa, a m'nyumba yaikulu akamamasula kusala kwawo, ba Asiyatu ankagogoda pachitseko changa atanyamula mbale. Inali imodzimodzi masiku onse, yachitsulo, ya maluwa ofiira, yosupuka penti m'mphepete. Lero futali wa mbatata, mawa masamusa, mkucha vitumbuwa.

Tsono mwambo mukuudziwa: mbale ya mnansi sibwerera yopanda kanthu. Amayi anga ku Katete atamva kuti ndabweza mbale yongotsuka, akhoza kukwera basi tsiku lomwelo. Ndinayamba ndi malalanje. Kenako tomato. Kenako malalanje omwe aja. Tsiku lina ndinati ayi, anthu abwino chotere alaweko chinthu chimene ine ndimachidziwa bwino.

Ndinatulutsa mapaketi awiri a ku Japan amene ndinkawasunga ngati chitenje cha pa ukwati, agolide, zilembo zake zonga timitengo tounjikana. Ndinatsegula imodzi. Malaiti anali atapita monga mwa masiku onse, choncho ndinaphika pambaula kuli chisisira. Msuzi unatuluka woyera, wokhuthala ngati wathiridwa mkaka. Ndinathira m'mbale ya maluwa ija, ndinaikamo dzira lowiritsa ndi masamba a anyezi, n'kupita nayo kwa ba Asiyatu ndi manja awiri.

Ba Asiyatu anayang'ana mbale, anayang'ana ine, n'kumwetulira. Anathokoza kwambiri, nalowa nayo m'nyumba. Ine ndinabwerera ndikuyenda ngati munthu wapambana mayeso.

M'mawa mwake ndinatsamiritsa foni pachitini cha shuga kuti ndijambule paketi yachiwiri ija. Pakona pake panali sitika ya mtengo ya shopu ya ku Dar. Ndinaona kuti ikuipitsa chithunzi, ndiye ndinayamba kuimatula pang'onopang'ono ndi chikhadabo.

Kunatuluka khutu la pinki. Kenako kachipewa ka wophika. Kenako mphuno yozungulira, ya mabowo awiri.

Kankhumba! Kakumwetulira, katanyamula chipande.

Ndinayesa kudziuza kuti mwina ndi mvuu. Mwina ku Japan mvuu zimakhala za pinki. Ndinaloza kamera ya foni pa zilembo zija kuti imasulire, koma foni ilibe chifundo: msuzi wa mafupa a nkhumba, owiritsidwa nthawi yaitali.

Ine Misozi, wa dipuloma, ndadyetsa Asilamu nkhumba, m'mwezi wa Ramazani, m'mbale yawo yomwe.

Chiyembekezo chinatsala chimodzi, chakuti mwina sanadye. Ndinatenga ndowa kupita kupompi, kumene ba Asiyatu ankatsuka makapu. Nditapereka moni, ndinafunsa ndi kamawu konga ka udzudzu.

"Amayi, vija va dzulo... munadyako?"

"Iii, mwana wanga, mpaka tinanyambita mbale. Ba Saidi ndiye anapapira msuzi wonse, ine anangondisiyira fungo."

Ndinatseka pompi.

Munthu wolimba mtima akanaulula pomwepo. Ine ndinati zikomo, n'kubwerera ndi ndowa yosadzaza. Paketi yotsala ija ndinaiponya pambaula kuti umboni uthe, koma pulasitiki inanunkhitsa yadi yonse, mpaka ba Mwape anasuzumira pawindo kufunsa ngati ndiwo zimenezo zidzawafikeko.

Ndinayamba kulipira mlandu mwakachetechete. Ndinkasesa yadi yonse mpaka kunja kwa geti. Ndinatsuka chimbudzi pa tsiku limene silinali langa. Tinsalu togwa pansi pa makina a ba Saidi ndinkatola ngati mwana wa sukulu wofuna kukhululukidwa.

Chodabwitsa n'chakuti mbale ija inayamba kubwera yodzaza kuposa kale, ndipo ba Asiyatu sankaleka kuyamikira. Ulendo uliwonse ankaonjezapo kena. Akuti ba Saidi sanadyepo chokoma chotere chibadwire. Tsiku lina akuti msuzi uja unawakumbutsa ba Saidi malemu mayi awo. Ndinkamva ngati akundikhomera misomali pamutu, umodziumodzi.

Ine ndimaona zinthu. Anthu osalankhula timatero. Ndinaona kuti ba Asiyatu akamanena zimenezi sankandiyang'ana m'maso, ankayang'ana chitseko. Ndinati basi, adziwa. Akungondipatsa mpata kuti ndilape ndekha asanandithamangitse.

Kenako m'mawa wina makina sanalire pakhonde. Ba Saidi agona, m'mimba mwawapotokola.

Ndinafunsa pa intaneti ngati nkhumba ingavulaze munthu wachikulire amene sanaidyepo chibadwire. Musamafunse intaneti zinthu zotere. Pofika masana ndinali nditadziona kale m'khoti, amayi anga akulira kumbuyo.

Ndinaganiza zochoka ndekha asanandichotse. Ndinapeza kachipinda kukomboni ya Kalikiliki, kopanda windo, khoma limodzi ndi bala ya mowa. Madzi okatunga kutali, chimbudzi cha mabanja ambirimbiri. Mwini wake anandiuza monyadira kuti nyimbo za kubala ndi zaulere. Ndinavomera. Ndinkaona kuti ndi chilango choyenera.

Madzulo ake ndinali pakati polongedza katundu m'chikwama chachikulu cha pulasitiki, chija timati cha ukwa, pamene chitseko chinagogodwa. Ba Asiyatu, mbale ya maluwa m'manja, masamusa mulu. Anaona chikwama, anaona bedi lopanda zofunda, nkhope yawo n'kugwa. Ba Asiyatu zinthu zikavuta amasiya Chinyanja cha m'tauni n'kubwerera ku Chichewa cha makolo awo.

"Misozi, takulakwira chiyani? Ukuchoka ngati wakuba, osatsazika?"

Anaitana amuna awo. Ba Saidi anabwera pang'onopang'ono atagwira pamimba, nakhala pampando wanga umodzi womwewo. Ba Mwape nawonso anatulukira, yunifomu ili pathupi, nsapato m'manja, poti kumene kuli mbale iwo sasowa.

Ndinagwada pasimenti. Ndinanena zonse, maso ali pansi: paketi yagolide, malaiti, sitika, khutu la pinki, chipande. Ndinati sindinadziwe, koma ndinayenera kudziwa. Ndinati ndaononga kusala kwawo, ndadwalitsa ba Saidi, ndadetsa mbale yawo, ndipo asavutike kundithamangitsa, chipinda ndapeza kale.

Kunja kunkamveka ana akusewera mpira pamsewu.

Nditadzutsa maso, ba Asiyatu anali ataphimba nkhope ndi mpango wawo, mapewa akugwedezeka. Ndinati ndawaliza mayi wa eni. Kenako anakhala pansi pambali panga, phuu, kuseka mpaka kutsokomola.

"Mwana wanga, sitinadye."

Ndinati sindinamve.

"Sitinadye! Ngakhale kulawa."

Anafotokoza akupukuta misozi. Chophikidwa mumphika umene sakuudziwa, iwo sadya, makamaka cha m'paketi ya zilembo zosawerengeka. Koma munthu wabwera ndi manja awiri, nkhope ikuwala, ungamubweze bwanji? Amalandira, amathokoza. Mbale ya maluwa ija ndi ya ife ochita lendi, siilowa n'komwe m'kabati yawo. Tsiku lija analowa nayo pakhomo lakutsogolo, n'kutulukira nayo lakumbuyo, molunjika kwa ba Mwape.

Ndipo pamene ndinawafunsa kupompi, anachita manyazi kundiuza zoona. Ananama kamodzi, bodzalo n'kuyamba kubala ana. Mtima unkawatsutsa kuti akunamiza mwana wa eni m'mwezi woyera, ndiye ankadzaza mbale kuti apepese. Maso ankathawitsa chifukwa cha bodza lawo, osati mlandu wanga.

Ba Saidi nthawi yonseyi ankangoyang'ana uku ndi uku ngati munthu wadzuka pakati pa filimu.

"Tadikirani. Ine ndinamwa msuzi?"

"Munamwa wonse," ndinatero. "Unakukumbutsani malemu mayi anu."

Anatembenukira kwa akazi awo pang'onopang'ono. "Mayi anga mwawalowetsamonso?"

Ba Asiyatu anabisanso nkhope. Za m'mimba, ba Saidi anavomera okha kuti anachulutsa masamusa pomasula kusala, ndipo si koyamba. Anandiuza kuti ndidzuke pasimenti, n'kunena kuti ngakhale akanadya, chimene munthu wadya mosadziwa Mulungu samuwerengera. Koma bodza la mayi anuwa, anatero, limenelo ndiye analinena akudziwa, akakambirane okha ndi Mwini wake.

Sindikudziwa ngati munamvapo thupi likupepuka mpaka kuchita chizungulire. Ndinaseka, ndinalira, ndinasekanso. Ba Asiyatu anatsegula chikwama cha ukwa chija n'kuyamba kubwezera zovala zanga pamalo pake, uku akundikalipira kuti mwana wamkazi sasamukira pafupi ndi bala chifukwa cha chithunzi cha kankhumba. Anaonjeza kuti malalanje onse aja ankadya ndithu, ndipo ndikafuna kubweza mbale, ndisapitirire pamenepo.

Apo ndiye ba Mwape anatsokomola pakhomo. Anali atayamba kale masamusa anga.

"Manje ba sista, mukamba ati muja munali nkhumba?"

Ndinavomera.

Anapukusa mutu ngati munthu wabedwa masana. "Awe. Ine ninasakila na foloko mpaka pansi pa mbale. Dzira ninaipeza. Anyezi ninapeza. Nkhumba sininakumane nayo."

Ndinawafunsa kuti nanga kukoma kwake angapereke zingati, poti mwa tonsefe amene anadya ndi iwo okha.

"Two out of ten," anatero akutola samusa ina. "Next time ikanimo yeniyeni."

Anthu awiri akamanamizana mwaulemu, amene amakhuta ndi wachitatu.