Mapu Anga ndi Chitenje cha Mayi Nampinga

Lolemba

Zatheka! Mapu a esiteti yonse ndawaika pa seva. Aliyense wa foni akangotsegula intaneti, aona:
minda ya tiyi
misewu ya lole
kadontho kofiira poyezera masamba

Mawa a Likaka, dalaivala watsopano, akatenga masamba potsata kadontho kanga. Masamba akachedwa m'matumba amapsa, fakitale n'kuwakana. Bwana manejala akuti mapu akathandiza sabata ino, ndichoka ku mafayilo ndikhale wa mapu. Lero sindikuponda pansi.

Lachiwiri

A Likaka afika pa kadontho. Sikelo palibe, munthu palibe. Mbuzi yokha.

Kani sikelo imasamuka! Mayi Nampinga, kapitawo wa othyola, amaipachika pa mtengo uliwonse wapafupi ndi pomwe anthu akuthyola tsikulo. Mayiwo andiuza kuti, "Inu achimwene, sikelo imatsata dengu." Zaka zitatu mu ofesi, ine osadziwa. Manyazi andigwira.

Lachitatu

Mamawa ndasuntha kadontho, ndatumizanso pa seva. Dzuwa lisanakwere mayi asamukira kutsidya, ati tiyi wa uko waphuka msanga. Amangoona mtundu wa masamba ali chapatali, basi adziwa.

Nanga a Likaka awapeza bwanji? Mayi apachika chitenje chofiira, pa nsungwi yaitali, pamwamba pa chitunda. Chimaoneka ngakhale uli pa msewu wa ku Luchenza. Mayi awa mutu ali nawo!

Lachinayi

Chiperoni! Nkhungu yokhayokha, chitenje sichingaoneke. Lero ndiye langa.

Netiweki nayo yathawa. Mapu akungozungulira osatseguka.

Ndathamangira kumunda poganiza za masamba aja. Ndapeza mayi akumenya khasu lakale ndi mwala, ngwee! ngwee! Kumunsi a Likaka azimitsa injini, amvetsera, ailizanso, akwera pang'ono, azimitsanso. Mpaka lole yatulukira mu nkhungu. Masamba afika asanapse. Ndisaname, ndaomba m'manja.

Lachisanu

Bwana akufuna kudziwa anthu amene akutsegula mapu. Seva siidziwa kubisa: kuyambira Lachitatu ndi munthu mmodzi. Ineyo.

A Likaka: "Bandulo ya intaneti inatha tsiku la mbuzi lija."
Bwana: "Mapu ndi okongola ndithu. Mafayilo akukudikira."

Loweruka

Sindinagonje. Ndapita ndi kabuku kukafunsa mayi komwe sikelo idzakhale Lolemba, kuti kadontho kayambe ndiko kufika. "Kafunseni tiyi." Aseka, kenako andigwiritsa nsungwi ya chitenje, iwo n'kupita kukayeza masamba. Ndaima ola lathunthu. Imalemera bwanji! Iwo amakwera nayo chitunda ndi dzanja limodzi, kwinaku akukalipira wothyola masamba okhwima.

Lamulungu

Mapewa akuwawa. Mawa mafayilo. Walira mvula walira matope.

Seva sindinaizimitse, koma kadontho ndafufuta. M'malo mwake ndalemba kuti: "Yang'anani chitenje chofiira. Kukachita chiperoni, zimitsani injini."

Aka n'koyamba mapu anga kunena zoona.