Kusakira Esnati Mlangizi

LOLEMBA

Ndili ku Biwi, kwa mwana wanga Esnati. Khanda lake, Dalitso, lakwana masiku khumi koma silikuyamwa. Likangogwira bere limalavula, n'kulira mpaka kufiira. Mawere a Esnati atupa, nsonga zake zang'ambika. Akamayamwitsa amaluma mlomo.

Ine ndagwira unamwino kusikelo zaka makumi awiri ndi zitatu, ndapuma chaka chatha. Amayi amene ndawaphunzitsa kuyamwitsa angadzaze bwalo la mpira. Ndiye ndamuonetsa: khala mowongoka, mutu wa mwana apa, chibwano chikhudze bere. Katatu. Kachinayi ndakweza mawu. Esnati walira, mwana walira.

Paja sing'anga sadzitemera yekha mphini. Ndimupezera mlangizi wina pofika Lachisanu. Akhale:
woti anayamwitsapo
wosakhulupirira zitsamba
wosalongolola
wogwirizana ndi ine.

Mkamwini wanga, wowotcherera zitsulo, sandiyang'ana kumaso. Waima panja n'kufunsa chitseko: "Kodi botolo n'loipa kwenikweni?" Ndayankha chitseko chomwecho kuti botolo lidzalowa muno ine nditatuluka.

LACHIWIRI

Woyamba: Mayi Gondwe a ku Kawale, tinkagwira ntchito limodzi. Afika ndi ambulera ndi chikwama chakuda. Ola lathunthu nkhani ya matipate, wopambana ndani, wogwa ndani. Kenako asamba m'manja mpaka m'zigongono, ngati akulowa kufiyeta kukachita opaleshoni.

"Iwe mtsikana, khala mowongoka! Mutu apa! Chibwano! Ukugwira mwana ngati chikwanje bwanji?"

Mawu anga omwe. Liwu langa lomwe! Sindinawamvepo ndili chapambali. Esnati wauma gwa, ngati akujambulitsa chithunzi cha pasipoti. Dalitso wakana.

Kodi amayi akusikelo aja akamati "zikomo Anesi" ankathokoza, kapena ankafuna ndichoke?

Ndafufuta dzina la Mayi Gondwe pa pepala langa la alangizi. Chifukwa chake ndalemba kuti amalongolola.

LACHITATU

Tikukama mkaka m'kapu, kumupatsa ndi kasupuni. Theka limathera m'khosi mwa malaya.

Wachiwiri: Anaphiri a ku Area 23, a Mvano, ana asanu ndi anayi, onse amoyo. Abweretsa:
thobwa, chigubu chodzaza
chinangwa chachiwisi, ati chimatsitsa mkaka
nsinjiro
buku la nyimbo.

Pemphero lawo layambira kwa Hava, ladutsa kwa Sara, lafika kwa Hana. Dalitso wagona tisanafike ku Chipangano Chatsopano. Ndayamba kuwakonda. Esnati wamwetulira koyamba sabata ino.

Anaphiri atati ameni: "Kamwanaka kali ndi ludzu. Kapatseni timadzi ta mumtsuko, mawa kaphala kamadzimadzi."

Phala! Masiku khumi ndi awiri! Ndawaperekeza mpaka pasiteji, ndaonetsetsa kuti akwera.

Thobwa wamwa ndi mkamwini.

LACHINAYI

Wachitatu: mzamba wa ku Chinsapo amene aliyense amamutama. Minibasi ziwiri, kenako wapansi, fumbi mpaka m'mano. Ndapeza apita kumaliro ku Mchinji, abwera akasesa. Amuna awo andipatsa mpando ndi uphungu: "Mayiyo azidya matemba. Ine onsewa ndalera ndi matemba." Ndathokoza.

Pobwera ndaima ku Old Town, ndakhala pakhonde la sitolo kupumitsa miyendo. Mayi wina wogulitsa nthochi akuyamwitsa, dzanja lina akubweza chenji, pakamwa akukangana ndi kondakitala. Sakuyang'ana n'komwe. Anamuphunzitsa ndani?

Kunyumba, posesa, ndapeza chitini cha mkaka ndi botolo m'chipewa chowotcherera cha mkamwini. Chosatsegula. Ndachigwira nthawi yaitali. Ndachibwezera momwemo.

Posambitsa Dalitso ndaona khungu la m'ntchafu lakwinyika. Maso anga amadziwa tanthauzo lake: mwana sakukhuta, akuwonda. Ndikuopa.

LACHISANU

Tsiku lija lakwana. Pepala lonse mizere yofufuta.

Ndayesanso ndekha, motsitsa mawu, manja kumbuyo. Esnati: "Amayi, tatulukani pang'ono. Mukandiyang'ana ndimakhala ngati ndikulemba mayeso a Fomu Folo."

Ndatuluka. Ndakhala pa njerwa kuseri kwa bafa.

Masana, ndikumupatsa tiyi, wandifunsa osakweza mutu: "Ineyo munandiyamwitsa mpaka liti?"

Ndati madzi akuwira pambaula.

Ndilembe pano, poti pepala silifunsa kawiri. Milungu isanu ndi umodzi. Ntchito inandiitana, ndinamusiya kwa mchemwali wanga ku Dedza, anakulira botolo. Ine mawere ndinawamanga ndi chitenje mpaka anauma, ndikulira m'chipinda chosinthira zovala. Zimene ndaphunzitsa zaka zonsezi ndinazitenga pa chithunzi chopachika pakhoma la kusikelo. N'zoona ndithu, zathandiza anthu. Koma palibe mayi anandifunsapo funso limeneli.

Pa pepala langa lomwe, mfundo yoyamba, ine ndikanalephera.

LOWERUKA

Ndikuchokera kumsika, ndamva kuseka m'nyumba. Kuseka!

Ndi Make Joji, wa khomo loyandikana, wogulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Sitandade faifi sanamalize. Msinkhu ndi wa Esnati yemwe. Wakhala pampando opanda nsapato, wake wamng'ono ali kubere, manja akuluka tsitsi la Esnati. Esnati ali pamphasa, watsamira pa maondo a mnzakeyo chagada, Dalitso wamugoneka chafufumimba pachifuwa. Pambali beseni la madzi ofunda ndi kansalu.

Zolakwika ndawerenga zitatu: msana, chigongono, pilo palibe.

Kenako ndamva. Gu. Gu. Gu. Akumeza.

Ndaima pakhomo ndi kabichi m'manja. Pakamwa payabwa. Ndaluma lilime.

Make Joji: "Ine sindidziwa kanthu, Anesi. Ndangoti atsamire ndimuluke, tsitsi lafika poipa. Woyamba wanga nanenso ndinkalira ngati ng'ombe, mpaka alandilodi anabwera kudzafunsa amene wamwalira."

Esnati waseka mpaka bere lapulumuka m'kamwa mwa mwana. Dalitso walifunafuna yekha, walipeza.

Kabichi ndakaduladula panja. Anyezi sindinadule, koma maso achita ngati ndadula.

LAMULUNGU

Kutchalitchi sindinapite. Nyimbo zikumveka kuchokera kutsidya kwa msewu, zandikwanira.

Mlangizi wasankhidwa, ine osafunsidwa. Make Joji wabwera m'mawa asanayale tomato, masana wasuzumira pawindo. Sanena zambiri za kuyamwitsa. Amakamba za amuna, za mitengo ya zinthu, za mkazi wa alandilodi. Esnati akamva kuwawa amamufinya bondo, iye n'kumati, "Finya, ndi la boma."

Mkamwini akuimba mluzu. Wapatsa chitseko moni wa mafuwa.

Ine andipatsa beseni, sopo ndi matewera. Ndiye udindo wanga tsopano: kuchapa, kutsukuluza, kuyanika. Zaka makumi awiri ndi zitatu!

Komabe thewera silinama. Mwana amene akukhuta amanyowetsa. Kuyambira dzulo masana ndachapa asanu ndi limodzi, olemera bwino, ndipo awiri ali ndi chikasu chija chimene namwino aliyense amachikonda. Ndawayanika motalikirana kuti ndiziwaona ndili pa njerwa yanga.

Sindinauze munthu kuti ndikuwerenga.