A Chotsani ndi chitsulo cha pachitseko

Zinayamba m'dzinja la chaka cha 1994, Lolemba pa 14 Malichi, pamene ndinakokera galimoto ya malemu amuna anga ku galaja ya a Chotsani. Dzina lawo lenileni linkadziwika kubanki kokha. Tonse tinkawatchula choncho chifukwa akangoona zitsulo zonyezimira za m'mbali mwa galimoto, zija amati kulomu, moni wawo unali umodzi: "Chotsani!"

Munthu ameneyu ankadana ndi chilichonse chowala. Bampala ya abusa anaipaka penti yotuwa, eni ake atapita kukagula sipeyala. Ketulo ya akazi a iwo eni sanaisiyenso. Telala wa pakhomo loyandikana, amene anali ndi dzino lagolide, ankadutsa pagalajapo atatseka pakamwa.

"Chotsani," anatero asanandipepese n'komwe za maliro.

"Bambo inu, ndabwera kudzawongoletsa galimoto, osati kudzaivula."

"Aphunzitsi, kunsi kwa zimenezi kumaima madzi. Dzimbiri likudya chitseko inu mukudziyang'anira nkhope."

"Musakhudze ngakhale chimodzi."

"Ndiye sindipenta."

"Ndiye ndibwezereni galimoto yanga."

"Kuti akaiwononge ena? Matayala ndachotsa kale."

Taonani mwanowo! Galimoto yanga inakhala pa njerwa zaka ziwiri ndi miyezi isanu. Lachisanu lililonse ndikaweruka kusukulu ndinkapita kukawakalipira, iwo n'kumandikonzera mpando. Anthu okonzetsa njinga ankadikira tsiku lomwelo kuti adzaonere mkanganowo.

Chimene sindinawauze ndi ichi. Amuna anga ankayendetsa atatsamiritsa chigongono pazenera. Zaka makumi awiri ndi zitatu za chigongono chimenecho zinafufuta chitsulo cha pachitseko, mpaka panatsala kachigamba kachikasu kukula ngati chala chachikulu. Zovala zawo abale anagawana, mabuku anatenga ana. Ine chimene chinanditsalira ndi kachigambako.

Pa 9 Ogasiti 1996 ndinapeza zitsulo zonse atazindandalika pansi ngati nzimbe pamsika. Ndisanatsegule pakamwa, anatenga sikuludiraiva n'kuibaya pachitseko chakumbuyo. Inalowa yonse ngati mu buledi.

"Mwaona, aphunzitsi?"

Ndinawamenya ndi ambulera kawiri. Koyamba chifukwa anandinyoza, kachiwiri chifukwa ankanena zoona.

Ndinatola cha pachitseko cha dalaivala. "Zinazo katayeni. Ichi chibwerere."

"Chimenecho ndiye choipa kuposa zonse! Chafufutika, chapindika..."

"Chibwerere."

Anachilanda, n'kuchitembenuza, n'kuika chala pakachigamba kaja. Kenako anatsegula chitseko, anakhala pampando, natsamiritsa chigongono pazenera. Chinagwera pomwe pankakhala kachigambako.

"Anali amfupi kuposa ine," anatero. "Koma mudziwe kuti pakatha zaka zisanu chitsekochi chidzakhala chitaola."

"Ndidzayamba ndine kuola."

Mabowo ena onse anawotcherera, galimoto anaipenta, chitsulo chimodzicho anabwezera. Inatuluka ngati munthu wa nsidze imodzi. Ine ndinkati nkhani yatha. Ayi ndithu! Loweruka loyamba la mwezi wotsatira, ndikupita kukaanika zovala, ndinapeza munthu ali m'bwalo mwanga akumasula chitsulo chija pachitseko cha galimoto.

"Wakuitanani ndani?"

"Sindinabwere kwa inu, ndabwera kwa dzimbiri."

Ankachimasula, kupukuta kunsi, kupaka girizi, n'kuchibwezera, uku akuchitukwana ngati chawabera nkhuku. Tiyi ankamwa, koma kapu yokhala ndi mzere wagolide ankaikana. Pochoka ankafunsa, "Simunasinthe maganizo?" Ine n'kuwalozera kugeti. Anachita zimenezi Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kwa zaka pafupifupi khumi ndi zitatu. Anajomba kawiri kokha, ndipo masiku ake ndinalemba.

Galaja ija pano muli mwamuna wina waulemu kwambiri. Mukamuuza kuti apente galimoto ngati nyalugwe amangoti, "Chabwino mayi." Abusa anapalitsa bampala yawo. Telala akuseka ndi mano onse. Lachisanu masana msewu wathu umangoti zii, ndipo ine ndimafika kunyumba mawu onse akadali m'kamwa.

Mwezi watha ndinaona penti itatupa pansi pa chitsulo chija. Ndinayesa kuchimasula ndekha, koma manja anga sagwiranso bwino. Waulemu uja anabwera, anayang'ana, n'kundifunsa, "Tichotse kapena tisiye, mayi? Zili kwa inu." Ndinamuthamangitsa. Munthu wosatha ngakhale kukangana angasunge chitseko changa?

Ndakwiya nawo a Chotsani, ndipo sindikubisa. Sanaphunzitse aliyense kamasulidwe kake, sanandisiyire ngakhale kachitini ka girizi. Anangodwala masiku anayi n'kutisiya, Lachitatu pa 17 Juni 2009.