Makina a Chimanga Atandivula Chitenje

Kwathu ku Tsangano alipo anthu amene mpaka lero akandiona amaluma milomo kubisa phwete. Sindiwaimba mlandu, inenso ndikanaseka.

Chaka chatha asosiyasawu yathu ya alimi inabwereka makina okwezera chimanga m'kamiyawu, galimoto lalikulu la katundu. Ndi chimpope chachitali chachitsulo, mkati mwake muli parafuzo, chitsulo chopotana, wozungulira. Mumakhuthula chimanga kunsi, icho n'kumatulukira kumwamba. Mwini makinawo anachenjeza kawiri konse kuti ife a zitenje tisayandikire pakamwa pake. Ndinamva bwinobwino. Koma mayi anga anandilera kuti chimanga sachisiya pansi, ndiye poona njere zikutayikira m'fumbi mtima unandiwawa. (Ndiulule, ndinkafunanso akazi anzanga aone kuti wosamala ndine.)

Ndinagwada ndi lichero n'kuyamba kuwola. Posakhalitsa ndinamva chinthu chikundikoka m'chiuno. Pocheuka, nsonga ya chitenje yalowa kale, parafuzo akungoimeza.

Uchitsiru wanga unaonekera apa. M'malo momasula chitenjecho, ndinachigwira zolimba ndi manja awiri, chifukwa chapafupi pomwepo panaima apongozi anga, bambo a mwamuna wanga. Zaka khumi ndili pabanja sindinawayang'anepo m'maso, tikakumana panjira ndimapatuka n'kugwada. Tsono ine ndiime pamaso pawo ndi kasiketi kam'kati? (Komanso kong'ambika!) Ndinati bola makinawo andidye. Ndipo anali kundidyadi, zala zinatsala pang'ono kukhudza chitsulo.

Madalawo amayenda ndi ndodo, koma mmene anandifikira sindikudziwa. Ndinangomva akukuwa m'khutu mwanga kuti, "Tayani nsaluyo, mayi! Zamanyazi tikakambirana kunyumba!"

Ine gwa, osataya. Basi iwo anasolola okha pamene ndinapisira chitenje, n'kundikankhira kumbali, ndinakagwera pa matumba. Pamene mwini makina ankazimitsa mota, chitenje changa chatsopano chinali chitazingana mkatimo ngati matumbo a nkhuku. Ntchito inaima ola lathunthu amuna akuchichotsa ndi mipeni, ena akutukwana chapansipansi. Apongozi anavula kazako wawo, jekete, n'kundiponyera, nkhope atatembenuzira kuphiri.

Mawa lake ndinagwira tambala n'kupita kwawo. Ndinagwada patali monga mwa masiku onse, n'kupereka tambala wothokozera uja, misozi ili mbwembwembwe. Iwo anayang'ana tambalayo n'kunena kuti:

"Epa, tambala wachiyani? Ine dzulo sindinaone kanthu. Maso awa anakalamba."

Bambo amene uja, Mulungu awasunge. Zala zanga zonse khumi zilipo chifukwa cha iwo, ndipo nkhaniyi sanaitchuleponso ngakhale kwa mwana wawo.

Chimanga chotayika ndimawolabe, khalidwe silitha, koma ndimadikira makina azime kaye. Ndipo Loweruka lomwelo ndinakagula kasiketi kam'kati katsopano kumsika, poti maso a apongozi sindikuwakhulupirira kwenikweni.