Tsiku Limene Ndinathyola Khofi wa Apongozi Ngati Tiyi

Anthu akandifunsa za malo okongola amene ndinapitako m'Malawi muno, ndimayankha kuti ku Misuku, kenako ndimasintha nkhani msangamsanga. Malowo ngokongoladi. Koma kumeneko kuli mzere wa mitengo ya khofi umene mpaka lero amautchula dzina langa, ndipo si chifukwa cha ulemu ayi.

Ine kwathu ndi ku Thyolo. Ndinakulira m'minda ya tiyi, mayi anga akuthyola, ine ndikuthyola nawo patchuthi. Ku Chitipa ndinabwera ndi geni ya nsapato za kaunjika, ndipo pamsika wa pa Boma m'pamene ndinadziwana ndi Tusekile, mtsikana wa ku Misuku amene ankasoka zovala pakhonde la sitolo yoyandikana ndi benchi langa. Titagwirizana za banja, ndinamuuza kuti mwezi womwewo nditumiza thenga, munthu wokandinenera kwa makolo ake. Iye anati ndisathamange.

"Adada sakudziwani. Tiyeni kaye kumudzi ngati mlendo wodzaona nkhalango ya Mughese. Akaone kuti ndinu munthu wotani."

Ndinavomera, koma mumtima ndinalumbira kuti sindikabwerako chimanjamanja. Akuluwo akandikonda, afune asafune.

Tinanyamuka mu Juni, nyengo yothyola khofi. Msewu wa ku Misuku, abale anga, sukwera ngati msewu wa anthu. Njinga yamoto imene ndinakwera inkalira ngati mbuzi yomangidwa, ndipo pazitunda ziwiri ndinatsika n'kumakankha, nditavala jekete ndi nsapato zosongoka (wogulitsa nsapato amayenera kuoneka). Koma titafika pamwamba ndinaiwala thukuta lonse. Nthochi mbali zonse, timitsinje m'zigwa, minda yopachikika m'mapiri moti umadabwa kuti wolimayo amaima bwanji. Patsidya, nkhalango ya Mughese inali biii, nkhungu itaiphimba kumutu. Ndinati mawa ndikalowamo ndithu.

Bambo a Tusekile, a Kayange, anandilandira ngati mlendo wa nkhalangodi, ngakhale mudzi wonse, ndi nkhuku zomwe, unkadziwa chimene ndinabwerera. Anali munthu wochepa thupi, wosalankhulalankhula. M'mawa mwake anatuluka ndi madengu, n'kundipatsa moni m'chilankhulo chakwawo.

"Mwaghona, alendo. Ife tikuthyola khofi pachoko waka, pang'ono chabe. Inu pumulani, masana akuperekezani ku Mughese."

"Iyayi adada, ine si munthu wokhala pampando anzanga akugwira ntchito. Ndipatseni dengu."

"Munathyolapo?"

"Ndine mwana wa ku Thyolo ine. Kuthyola ndinayamwira."

Tusekile anandinong'oneza kuti andionetse kaye m'mene amachitira. Ndinamudula pakamwa. Mwamuna wofuna mkazi aphunzitsidwe ntchito ndi mkaziyo, bambo ake akuona? Anangotukula mapewa, ndipo anandipatsa mzere wa kumunsi kwenikweni, kumene nthochi zinkandibisa.

Tsono muyenera kumvetsa. Kwathu pa tiyi, munthu amatamandidwa ndi liwiro. Manja onse awiri amagwira ntchito, dengu lidzaze, ukakhuthule, ubwerenso. Ndipo chobiriwira, chanthete, ndicho chabwino. Nditasuzumira kumtunda n'kuona banja lonse likutola kachipatso kamodzikamodzi, kuyang'ana kaye, kusiya kena, ndinawamvera chisoni. Ndinati anthu awa palibe anawaphunzitsapo ntchito, lero aona.

Ndinavula jekete, n'kulikoleka panthochi. Ndinagwira nthambi kutsinde, n'kupulula mpaka kunsonga, pululu! Zofiira, zachikasu, zobiriwira, ndi masamba omwe, zonse m'dengu. Mtengo woyamba ndinaumaliza anzanga asanasunthe phazi. Wachiwiri ndinayamba kuimba mluzu. Nsapato zosongoka zija zinanditereretsa kawiri, thalauza linadetsedwa ndi dothi lofiira kumbuyo konse, koma sindinabwerere m'mbuyo. Dengu likadzaza ndinkakhuthulira m'thumba n'kupitiriza. Pamene dzuwa linkafika pamutu, mitengo yonse ya mumzere wanga inali mbee, ngati yadutsidwa ndi dzombe.

Ndinasenza matumba awiri kukwera nawo pabwalo, n'kuwakhuthula pa lona, chinsalu chachikulu choyala pansi, pafupi ndi kamulu kawo kofiira psuu. Ndinaima chogwira m'chiuno, kudikira kuyamikiridwa.

Mayi ake a Tusekile anagwira pakamwa n'kulowa m'nyumba. Tusekile anayang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo. A Kayange anagwada, natola kachipatso kobiriwira, kolimba ngati mwala, n'kukatembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Alendo, ku Thyolo mango mumathyola ali maluwa?"

"Ayi adada."

"Khofi timathyola wofiira yekha. Wobiriwirayu tikanabwera kudzamuthyola masabata akubwerawa, katatu kapena kanayi. Kumakina opukusira samulandira. Ndipo mwapulula ndi maso a nthambi omwe, ndiye kuti chaka chamawa mitengoyi ibereka mwaulesi."

Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandikalipira. Munthu wasamalira mitengo yake chaka chathunthu, ine ndaivula m'mawa umodzi, ndikuimba mluzu.

Ku Mughese sindinapite. Masana onse ndinakhala pa lona, miyendo tambalale, kusankha zofiira m'kati mwa zobiriwira, poti khofi wothyoledwa amayenera kukafika kumakina tsiku lomwelo. Anthu odutsa ankaima kudzapereka moni, koma maso ali pamulu wanga. Mayi wina anabwerera kukaitana mnzake.

Potsanzika ndinalimba mtima. Ndinagwada n'kunena kuti ndalakwa, komabe za nkhalango zinali zonamizira, ndinabwerera mwana wawo.

"Tikudziwa," anatero a Kayange. "Thenga musatumize chaka chino, yayi. Mubwere nyengo yamawa yothyola. Mzere uja ngwanu. Tikaone ngati mumatha kusiya chinthu chipse."

Chaka chathunthu! Ine ndinangoti chabwino, chaka sichipha munthu. Mwezi uliwonse ndinkatseka benchi Loweruka limodzi n'kukwera phiri lija, nditavala majombo tsopano, kukapalira ndi kuthira manyowa mumzere wanga. Juni wotsatira ndinathyola kamodzikamodzi, ndikuyang'ana kachipatso kalikonse ngati ndikusankha nsapato m'belo. Tsiku lonse dengu silinadzaze, koma munalibe chobiriwira ngakhale chimodzi.

Madzulo a tsikulo a Kayange anandiitanira pakhonde, n'kundiikira kapu ya khofi wakuda patsogolo.

"Uyu ndi wanu uja wa chaka chatha. Tinamuyanika padera, tamukazinga lero. Sitimataya thukuta la mlendo."

Ndinamwa. Abale anga, sindinalawepo chinthu chowawa chotero. Lilime linakwinyika, misozi inalengeza, makutu anamva kutentha. Banja lonse linali pakhomo kundiyang'ana. Ndinagugudiza mpaka pansi, ndinaika kapu pathebulo, ndipo pofuna kuonetsa kuti ndine mwamuna, ndinati:

"Ngwabwino chomene, adada. Alipo wina?"

Akulu aja anaseka koyamba chiwadziwireni, mpaka kutsokomola. "Tumizani thenga," anatero. "Ndipo poti mwamukonda, thumba lonse n'lanu."

Tusekile ndi mkazi wanga tsopano, tili ndi ana awiri. M'nkhalango ya Mughese sindinalowebe, chifukwa ndikangofika kumudziko amandipatsa dengu. Thumba lija silinathe, ndipo apongozi anga saiwala. Ndikangokhala pansi, amaitana kukhitchini kuti mkamwini wafika, amuphikire uja amamukonda.