Kangaude wa m'botolo ndi duku la amayi Nachisale

Mpaka lero amayi a mphakati wathu kuno ku Lifidzi akabwera kwathu amapempherera pabwalo. M'nyumba amakana kulowa, ndipo wochititsa ndine.

Ndikusuntha matumba a mbatatesi m'kanyumba kosungiramo mbewu, ndinaona kangaude wakuda bii, wonyezimira, mimba yobulungira ngati nzama, kumsana kuli kamzere kofiira. Ukonde wake unali wosokonekera, koma ulusi wake wolimba. Nditamukhudza ndi kamtengo sanalimbane nane. Anangodzipinda n'kugwa ngati wafa.

Ndinaimbira foni alamu anga, omwe ndi namwino ku Ulongwe.

"Musamugwire, alamu," anatero. "Pachipwitikizi amati viyuva negra, namfedwa wakuda. Akaluma, ululu umayenda m'mitsempha, thupi lonse limakokana. Ameneyo ndi wamkazi. Wamwamuna ndi kakang'ono, ndipo nthawi zina akatha zaukwati, mkaziyo amamudya."

Zonse ndinamva, koma zimene zinatsala m'mutu ndi zomalizazo. Kudya mwamuna wake? Ndinafuna kuona ndekha.

Ndinamukankhira m'botolo la mayonezi pamodzi ndi kampira koyera kamene kanali lende pa ukondewo (ndinkati ndi nkhokwe yake ya chakudya). Chivindikiro ndinachiboola ndi msomali kuti azipuma, botololo n'kulibisa pamwamba pa kabati ya pabalaza. Ndinkamugwirira ntchentche. Ndinkamufuniranso amuna: kakangaude kalikonse kakang'ono ndinkakaponya momwemo, ndipo onse anadyedwa (kaya anali a mtundu wake, kaya analidi amuna, sindikudziwa).

"Bambo a Rosa, ntchentchezi zakulakwirani chiyani?" akazi anga anafunsa.

"Ukhondo basi," ndinayankha.

Ndiye linafika Lamlungu la mapemphero a mphakati m'nyumba mwathu. Amayi atatsinzina, ine ndili pakhomo, ndinaona timaulusi tikung'anima padzuwa kuchokera pa kabati. Pa ulusi uliwonse pankatsika kakangaude kochepa ngati njere ya mawere. Kampira kaja anali mazira, ndipo mabowo a msomali anali makomo. Pansi pake panali duku loyera la amayi Nachisale, wapampando.

Ndinanyang'ama ndi chipewa m'manja kuti nditikupize mwakachetechete. Iwo anatsegula maso dzanja langa lili pamutu pawo.

"Mukutani, bambo?"

"Musagwedezeke. Muli ndi ana kumutu."

Duku linauluka, nyimbo inathera panjira, ndipo pothawa wina anaona botolo lija, mayi wake wa anawo ali phee m'katimo. Ndinamva mawu kunja: "Akuweta. N'chifukwa chake mbatatesi zawo zimabereka chonchija."

Mawu amenewo anafika kumsika ine ndisanafike. Akazi anga anasiya kulonjeredwa pachitsime. Zinatengera alamu kukwera chapa, minibasi ya kuno, kudzafotokozera mphakati wonse kuti tiana totero sitingaboole khungu, ndiponso kuti mlamu wawo si mfiti, wangokhala wopanda nzeru. Mfundo yachiwiriyi anthu anaivomera msanga.

Tikuwaperekeza, ndinawanong'oneza alamu: "Nanga wamwamuna weniweni amapezeka pati?"

Akazi anga anamva. "Wamwamunayo musiyeni. Mukalowetsanso botolo m'nyumba muno, mudzaona nokha mmene zimakhalira."

Mabotolo onse anakagulitsa kwa amayi ogulitsa mafuta, misomali anabisa. Ndaphunzira kuti kangaude wotere samuweta pabalaza. Koma kuseri kwa khola la mbuzi ndaonako ukonde wina wosokonekera, ndipo sindinauze munthu.